Kainene sanapezeke: ndilembe ndekha mathero ake?

Nachisale: Anzanga a pagulu, ndamaliza *Half of a Yellow Sun* usiku wathawu ndipo mpaka pano mtima uli m'mwamba. Amene simunaliwerenge lumphani uthengawu, ndiulula mathero. Nkhondo ya Biafra ili pafupi kutha, Kainene akuwoloka kupita mbali ya adani kukachita malonda kuti anthu a pa kampu yake apeze chakudya, ndipo sakubwerako. Mapasa mnzake Olanna ndi chibwenzi chake Richard akumufuna ponseponse, mpaka Olanna, mayi wophunzira uja, akukafika kwa sing'anga. Ine ndimvekere tsamba lotsatirali apezeka. Tsamba lotsatira, zii. Kenaka chikuto. Buku langa ndi la pa kaunjika, ndiye ndinayamba kusuzumira pamsana pake kuti mwina masamba ena anathothoka. Ayi ndithu, ndi lathunthu. Mlembi wake, Chimamanda, anangomusiya mwana wa eni ake m'malere.

Mwana wa achemwali anga akuti, "Anti musadandaule, lembani nokha mathero amene mukufuna, anthu amatero." Akuti ndi fan fiction. Kodi zimenezi n'zololedwa, kapena ndi kuba?

Tadala265: Anti Nachisale takulandirani ku mpingo wa olira Kainene kkkk, tilipo ambiri. Lembani basi. Ine ndimalemba, ndipo palibe wandimanga.

Mai a Mapasa: Ine buku lopanda mathero limandinyansa. Ndawononga ndalama, ndawononga tulo, kenaka mlembi andiuze kuti ganizirani nokha? Ngati n'choncho tigawane phindu.

Aphunzitsi Opuma: Mayi Nachisale, pepani ndi mtima wosweka, koma ndikupempheni kuti musamupeze Kainene. Kusowa kwakeko ndiye bukulo. Nkhondo imeneyi inayamba 1967 n'kutha 1970, ndipo mabanja ambiri sanaone ngakhale manda a abale awo. Mlembi mwiniwake anataya agogo ake aamuna onse awiri pa nkhondoyi. Akanamubweza Kainene pa tsamba lomaliza, atavala bwino, akumwetulira, akananamiza anthu amenewo.

Ifenso kuno zoterezi tikuzidziwa. Kwathu kunali amalume anga amene anapita ku migodi ine ndili mwana. Makalata anabwera kwa kanthawi, kenaka anasiya. Agogo anga anamwalira akusungabe mbale ya amalumewo, ya malata, yokhala ndi chizindikiro cha utoto wofiira pansi pake, ndipo mlendo aliyense ankadyera mbale ina. Panalibe maliro, panalibe kumeta. Machona timawadziwa. Pamene ndinafika pa tsamba lomaliza la bukuli ndinakumbuka mbale ija. Inu mwakwiya, inde, koma mkwiyo umenewo ndi umene mlembi ankafuna kuti mupite nawo kunyumba.

Nachisale: Aphunzitsi mwandilasa. Koma n'chifukwa chake ndikufuna kulemba. Sindikufuna ukwati ndi nthungululu ayi. Ndikungofuna kudziwa kuti tsiku limenelo anaona chiyani pamsewu, anakumana ndi ndani.

Tadala265: Ndi zomwezo! Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, anthu amaganiza kuti fan fiction ndi kufufuta zimene mlembi analemba. Buku likadali pomwepo pa shelefu, palibe walikhudza. Ife timangolowa m'mipata imene iye anasiya. Pali malo a pa intaneti ngati Wattpad ndi Archive of Our Own komwe anthu amaika nkhani zotere mwaulere. Ku Archive of Our Own wolemba amayamba waika zizindikiro pamwamba: anthu ake ndi ati, nkhani yachokera m'buku liti, muli imfa kapena zolaula, kuti wosafuna alambalale. Archive of Our Own mpaka inapata mphoto ya zolembalemba ya Hugo mu 2019. Si zachibwana zokhazokha.

Ineyo ndinalembapo ya *Things Fall Apart*, buku la Achebe. Tonse timalira Ikemefuna, timatukwana Okonkwo pomutema mwana amene ankamutcha bambo, chonsecho nkhalamba Ezeudu anali atamuchenjeza kuti asaikepo dzanja. Koma ndani anafunsapo za mayi ake a Ikemefuna ku Mbaino? Mwana wawo anatengedwa kukalipira mlandu wa bambo ake, ndipo Achebe sabwereranso kumudziko. Ndiye ndinalemba nkhani ya mayiyo, mu Chichewa. Tsiku lililonse la msika amakakhala pamphambano kufunsa anthu a ku Umuofia ngati mwana wake wakula, ndipo onse amamuyankha kuti ali bwino, chifukwa palibe wofuna kukhala woyamba kunena.

Mai a Mapasa: Iwe Tadala, ukufuna kutiliza m'mawa uno? Tumiza kuno tiwerenge.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga Tadala, ganizo lako ndi lakuthwa, sindikana. Koma ngati uli ndi mutu wotere, bwanji osalenga anthu akoako? Mayi wodikira mwana pamphambano angakhale wa ku Ntcheu kapena ku Nsanje. Ukumufuniranji Achebe?

Tadala265: Chifukwa ndikangoti "Ikemefuna" aliyense mtima wagunda kale, Aphunzitsi. Sindifunika kufotokoza kuti mwanayo anafa, owerenga akudziwa, mayi yekha ndiye sakudziwa. Ululu wonse wa nkhaniyo uli pamenepo. Ndikamusintha dzina ndiyenera kuyamba kumanga zonse kuchokera pansi.

Chimwene wa ku Joni: Moni nonse kuchokera kuno kozizira. Ine nkhani zoliralira si mbali yanga, koma pa mkanganowu ndili ndi Tadala. Owerenga kukana mathero sizinayambe ndi mafoni. Conan Doyle anatopa ndi Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'nkhani zake, n'kumuponya pa mathithi a Reichenbach mu 1893. Anthu anakwiya osati masewera, ndipo mu 1903 mkuluyo anamudzutsa, akuti sanafe, anangobisala. Ndiye ngati mwini buku anagonjera owerenga, a Nachisale alakwa chiyani polemba m'kope mwawo?

Koma tinene zoona, ena a ife kuwerenga tinaphunzira ndi nkhani zaupandu za James Hadley Chase, osati mabuku a m'kalasi. Ku hostel buku limodzi linkazungulira chipinda chonse, chikuto chinachoka kalekale, tinalikutira ndi pepala la simenti. Amene wafika pakati ankang'amba theka loyamba n'kupatsira mnzake kuti mzere uziyenda. Tsoka kwa iwe ngati wa theka lachiwiri wapita ku holide nalo.

Aphunzitsi Opuma: Achimwene, ndiye munali inu! Mabuku amenewo ndinalanda ambiri pa prep.

Chimwene wa ku Joni: Nanga mutalanda munkapita nawo kuti, Aphunzitsi? Kkkkk

Aphunzitsi Opuma: Funso limenelo ndilibe nalo ndemanga. Ndingonena kuti Chase uja anali Mngelezi wa ku London, dzina lake lenileni René Raymond, ndipo America amene ankatiopseza nayeyo ankamulemba ndi mapu komanso buku la mawu a m'misewu ya kumeneko. Mwaona, ndinafufuza ndithu zimene ndinkalanda.

Nabanda wa pa Msika: Ine sindinapite patali ndi sukulu koma ndifunseko. Agogo anga akamatiimbira nthano madzulo, ya Kalulu ndi Fisi, ankaisintha malinga ndi amene walakwa tsikulo. Ukaba ndiwo mumphika, usiku umenewo Fisi ndi wakuba ndiwo, ndipo aliyense akuyang'ana iwe uku akuyankha "tili tonse". Apongozi anga a ku Dedza nthano yomweyo amaimaliza mwina. Palibe ananenapo kuti agogo aba nthano. Ndiye chavuta n'chiyani mwana akatenga Okonkwo?

Kalembera: Chavuta n'chakuti Kalulu salipira lendi, mayi. Ine ndimalipira.

Pepani ndilankhula mowawa pang'ono. Ndinalemba buku langa la Chichewa, ndinasindikiza ndi ndalama za m'thumba, ndinayenda nalo m'masukulu ndi chikwama kumsana. Pasanathe nthawi wina analijambula tsamba ndi tsamba n'kulisandutsa PDF, ndipo linayamba kuzungulira pa WhatsApp. Tsiku lina munthu ananditumizira ine mwini wake, ati "bukuli ndi labwino, werengani". Makatoni ali pansi pa bedi mpaka lero. Ndiye mukamati nkhani ndi za tonse, ine thupi limachita tsembwe. Nthano inalibe mwini chifukwa panalibe amene anagulitsa mbuzi kuti ituluke.

Tadala265: Pepani kwambiri a Kalembera, zimenezo ndi kuba ndipo ine sindiikira kumbuyo. Koma ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wa PDF uja sanalembe liwu ngakhale limodzi, anangotenga thukuta lanu. Ine ndikalemba za munthu wa m'buku lanu, wowerenga amene sanalione ayamba kulifuna kuti amve chiyambi.

Kalembera: Alifuna pa PDF pomwepo.

Chimwene wa ku Joni: Kkkk a Kalembera lero sakusekerera.

Kalembera: Komanso musaiwale kuti zina zimathera ku ndalama. *Fifty Shades of Grey* inayamba ngati fan fiction ya *Twilight*. Mayi amene anailemba anasintha maina n'kugulitsa mabuku mamiliyoni. Ndiye mwana wina atenge anthu anga, atchuke nawo, ine ndikadali ndi makatoni? Kuno tili ndi COSOMA yoyang'anira za umwini wa zolemba ndi nyimbo, koma ndani ali ndi mphamvu yothamangitsana ndi tsamba la pa Facebook lopanda dzina la mwini?

Nachisale: A Kalembera, nanga wina atabwera mwaulemu kudzapempha, osagulitsa, n'kulemba pamwamba kuti anthuwa ndi a m'buku la uje, mungakane?

Kalembera: Atapempha ndingaganize. Mwinanso ndingakondwe mumtima, osamuuza. Koma asandikwatitsire anthu amene ine ndinawalekanitsa dala.

Tadala265: Apo ndiye pamene timayambira ife kkkkk

Mai a Mapasa: Inu mukukamba za kutali. Fan fiction yeniyeni ili m'makomenti a nkhani za pa Facebook zija za magawo. Ine ndimatsatira zingapo, za Chichewa chathu chomwechi. Wolemba akaika gawo madzulo, pofika m'mawa anthu alemba kale gawo lotsatira m'makomenti. "Admin mukamupha mtsikanayu tikusiyani." "Mwamunayu asakhululukidwe, abwerere kwa hule lake." Ndipo wolembayo amamvera! Ina ndinkaitsatira, zinkaonekeratu kuti mayi wopeza uja amayenera kupambana, koma anthu atalusa anamugwetsa m'chitsime gawo lotsatira lomwelo, popanda chifukwa. Ndinaseka mpaka mapasa anadzuka.

Ndipo musanyoze. Ndimawerenga ndili pamzere wa kusikelo, pa minibasi, podikira nyemba kuti zipse. Bandulo ikatha pakati pa gawo ndimakongola. Ndi liti ndinakongolapo ndalama chifukwa cha buku la pa silabasi?

Aphunzitsi Opuma: Mayi a Mapasa, zimene mwanenazo ndi zimene zimandidetsa nkhawa. Mlembi womvera chigulu salemba, amangotumikira. Akanakhala pa Facebook Achebe, Ikemefuna akanapulumuka, Okonkwo akanapepesa, ndipo lero palibe akanakumbuka bukulo. Nthawi zina mlembi ayenera kukhala wouma mtima kuposa owerenga ake.

Komanso kalembedwe, mayi. Ndinayesa kuwerenga imodzi. Palibe mpumiro, palibe ndime, Chichewa ndi Chingerezi zaphatikizana, munthu mmodzi dzina lake lasintha kawiri.

Mai a Mapasa: Koma munafika gawo lachingati?

Aphunzitsi Opuma: Ndinafika patali ndithu, pofuna kuona ngati kalembedwe kasinthe.

Nabanda wa pa Msika: Kkkkkk Aphunzitsi inu!

Mai a Mapasa: Ndinene chimene chimandithamangitsa ku mabuku athu a Chichewa osindikizidwa. Ulaliki. Mtsikana akangopita ku tauni, dziwani kuti abwerako ndi mimba kapena matenda. Mnyamata akalawa mowa, ndende ikumudikira. Usanafike pakati wadziwa kale phunziro lake, ndipo pamapeto mkulu wina amaimirira n'kulinenanso kuti mwina sunamve. Ine ndikufuna nkhani ya chikondi imene anthu awiri akondana, avutika, n'kupezana, popanda wina kufa pofuna kundiphunzitsa khalidwe. N'chifukwa chake tinkathawira ku Mills & Boon ndi Pacesetters. Pacesetters makamaka, chifukwa anthu ake anali akuda ngati ife, a ku Lagos, a ku Nairobi, okwera mabasi.

Aphunzitsi Opuma: Apa pokha ndikuvomerezani theka, ndipo chifukwa chake chilipo. Taonani kumene mabuku athu anabadwira. *Nthondo* wa Samuel Ntara anatuluka mu 1933, mlembi wake ali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo nkhani yake ndi ya munthu wosokonekera amene pamapeto atembenuka mtima. Makina osindikizira anali a mishoni. Pambuyo pake wogula wamkulu anakhala sukulu, ndiye wosindikiza aliyense ankafuna buku loti lilowe pa silabasi. Onjezanipo lamulo la 1968 lokhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu, limene linkatha kuletsa buku lililonse. Jack Mapanje ndakatulo zake zinachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, iye n'kukakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu kukhoti. Mlembi wa nthawi imeneyo ankalemba akuyang'ana mbusa mbali ino, mphunzitsi wamkulu mbali iyo, ndi boma kumbuyo. Ulaliki unali pobisalira.

Koma musatayire limodzi onse. *Sikusinja ndi Gwenembe* wa a Gwengwe ndinkawerengera ana a sukulu mokweza, ndipo kalasi yonse inkakhala chete, ngakhale aja a kumbuyo. Muli phunziro, inde, koma mulinso mantha enieni. Ndipo a Willie Zingani ndi a Jolly Max Ntaba ankadziwa kukoka munthu ndi Chichewa chokoma.

Tadala265: Aphunzitsi mwadzipereka nokha. *Sikusinja ndi Gwenembe* si inachokera ku nthano ya makolo? Ndiye a Gwengwe anatenga nkhani yomwe inalipo kale n'kuikulitsa. Ife timatero.

Aphunzitsi Opuma: Mwana iwe ukanakhala m'kalasi mwanga ukanakhala kutsogolo, pafupi ndi ine, kuti ndizikuona bwino.

Wa ku Chipata: Muli bwanji a ku Malawi. Ine nikuwerenga cabe zokamba zanu koma apa nilowepo. Kuno tinali ndi a Julius Chongo pa wailesi, *Poceza m'Madzulo*. Munthu mmodzi, mau a anthu onse, nkhalamba, mwana, mkazi wokalipa. Nkhani zambiri anali kuzitenga ku nthano za kumudzi ndi kuziveka zovala za lomba. Makolo athu sanali kufunsa kuti ni ya ndani, anali kufunsa cabe kuti aikamba bwino kapena iyai. Ine niona kuti mlandu wa Tadala uweruzidwe tero: tiwerenge, ngati ni yoipa timuuze.

Nachisale: A ku Chipata mwaweruza bwino. Tadala tumiza.

Tadala265: Ndatumiza ku inbox kwa amene apempha, sindikufuna a Wapampando andithamangitse. Muli zolakwika zambiri, ndinalembera pa foni.

Dalitso wa Mawaya: Ine ndachedwa, ndinali pa ntchito. Ndaona mwakamba zachikondi, zaupandu, zankhondo, koma palibe watchula nkhani za m'tsogolo ndi zamatsenga. Nthawi zonse pagulu pano ndikazitchula anthu amati ndi za azungu. Chonsecho Shadreck Chikoti analemba *Azotus the Kingdom*, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo, Mmalawi mnzathu. Ndipo Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene akuluakulu a ku Zomba amati chikamasamuka chimagumula mapiri ndi kusefukiza madzi, n'kumulowetsa m'ndakatulo ndi m'nkhani zake moyo wake wonse. Zipangizo tili nazo zambiri kuposa azunguwo. Ndege ya lichero, ndondocha, fisi wokwerapo usiku. Mzungu amachita kupeka chinjoka, ife tili ndi anthu oti akulozera pamene chinadutsa.

Mai a Mapasa: Vuto lake ndi lomwelo a Dalitso. Ya mzungu ndimawerenga n'kugona tulo, chifukwa ndikudziwa kuti vampire ku Ndirande kulibe. Koma ya ndondocha ndikawerenga usiku sindituluka kukataya madzi.

Chimwene wa ku Joni: Mayi mwaiwala anamapopa? Kkkk

Dalitso wa Mawaya: Achimwene mwaseka koma mwakhudza pomwe pali nkhani. Mphekesera za anamapopa mu 2017 zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi madera oyandikira. Ndiye wolemba zamatsenga kuno ali ndi katundu amene mnzake wa ku London alibe. Ukalemba kuti gogo wa kumapeto kwa mudzi ndi mfiti ndipo nkhani yako ikutsimikiza kuti ndi mfitidi, pali wina amene awerenge ngati umboni. Ine ndimalemba zoterezi ndipo ndimasamala: zodabwitsa zichitike, koma chala chisaloze nkhalamba yosauka. Mfiti yanga yomaliza inali bwana wa kampani yongopeka, wovala taye.

Nabanda wa pa Msika: Ameneyo ndiye ndingamukhulupirire msanga.

Aphunzitsi Opuma: A Dalitso, mfundo yanu ndi yolemera, sindinaiganizepo motero. Ine zam'tsogolo zimandivuta chifukwa ndimasochera, maina a zinthu achuluka. Ndimakonda buku loti ndimve fungo la malo ake. *Smouldering Charcoal* ya Tiyambe Zeleza imayamba ndi Mchere akudzutsidwa ndi khoswe m'kanyumba kake, ndipo aliyense amene anagonapo m'nyumba ya lendi ya dothi amadziwa kuti mlembiyu sakunama. Kuchokera pa khoswe ameneyo ndinamukhulupirira mpaka kumapeto.

Tadala265: Ife bukulo tinaliwerenga ndi mantha a mayeso, kuloweza "mitu ikuluikulu" ndi "makhalidwe a anthu". Ndinadzalikonda nditalibwereza ndekha sukulu itatha. Sukulu imapha mabuku, Aphunzitsi, pepani.

Aphunzitsi Opuma: Usapepese. Mayeso amafuna yankho limodzi, pamene buku labwino lili ndi mayankho ambiri. Tinkadziwa, koma ana ankayenera kukhoza.

Kalembera: Ndabwerera. Ndawerenga ya Tadala. Ndinalowa ndi mkwiyo kufuna kupeza pomugwira. Pali malo amene wathamanga, ndipo mayiyo akulankhula Chichewa cha ku Lilongwe kwambiri, "bhobho" yekha ndiye wasowa. Koma pamene mkazi wa ku Umuofia akumugulitsa mafuta n'kumuonjezera muyezo osanena chifukwa, ndipo mayiyo akubwerera kunyumba akudabwa kuti lero anthu akoma mtima bwanji, apo ndinaika foni pansi. Mwana iwe, zimenezi si za Achebe, ndi zako. N'chifukwa chake ndikubwereza mawu a Aphunzitsi: lemba zakozako. Fan fiction sungaisindikize, sungaipereke ku mpikisano wa Malawi Writers Union, idzathera pa foni.

Tadala265: Zikomo kwambiri a Kalembera, mawu amenewa ochokera kwa inu ndi aakulu. Zanga ndikulemba pang'onopang'ono. Koma kunena zoona, pa foni pomwepo ndi pamene pali anthu. Nkhani imeneyi yawerengedwa ndi anthu ambiri kuposa amene ndingawapeze ndi chikwama kumsana. Sindikunyoza.

Kalembera: Wanyoza koma wanena zoona.

Chimwene wa ku Joni: Ine pempho langa kwa olemba nonse muli pano: ndani adzandilembere nkhani yaupandu ya Chichewa? Wapolisi wofufuza wa ku Limbe, wotopa, wa ngongole, galimoto ya ku ofesi ilibe mafuta ndiye akutsata chigawenga pa kabaza. Mtembo wapezeka m'munda wa tiyi ku Thyolo. Popanda ulaliki, popanda maloto oulula wakupha. Ndigula makope awiri, ndipo a Kalembera sindidzajambula.

Kalembera: Lipiranitu kaye.

Wapampando: Abale, foni yanga yatentha ndi mauthenga anu. Ndamva mbali zonse ndipo tichite motere. Nkhani zotengera m'mabuku a ena ziziikidwa Loweruka lokha. Pamwamba lembani buku ndi mlembi wake, ndipo chenjezani ngati mukuulula mathero kapena muli zosayenera ana, pagulu pano pali a Fomu 2. Zogulitsa ayi. Buku la mlembi amene ali pagulu pano, mupempheni kaye. Ndipo amene aikenso PDF ya buku la Mmalawi mnzathu ndimuchotsa osafunsa.

Buku la mwezi wamawa sankhani pakati pa *Azotus the Kingdom* ndi *Sikusinja ndi Gwenembe*. Amene muli pafupi ndi National Library yambani mwafunsa kumeneko musanadandaule za mtengo.

Mai a Mapasa: Mwezi winawo tiwerenge yachikondi chonde, tatopa ndi maliro.

Dalitso wa Mawaya: Azotus. Ndipo amene anene kuti ndi za azungu abwere atawerenga.

Nabanda wa pa Msika: Ine Sikusinja, Chingerezi chimandichedwetsa. Koma wina andibwereke, langa anabwereka mlamu wanga n'kukulungira usipa.

Aphunzitsi Opuma: Tadala, ndawerenga. Pa kalembedwe ndikutumizira ku inbox, ndi zambiri. Koma pali chachikulu chimene waiwala. Ikemefuna anali ndi mlongo wake, wa zaka zitatu pamene ankatengedwa. Pa ulendo wake womaliza uja, atasenza mphika wa vinyo, akuganiza kuti akupita kwawo, ankawerengera kuti mwanayo tsopano ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndipo mwina sakamuzindikira. M'nkhani yako mayiyo akukhala ngati alibe mwana wina. Kamtsikanako kali kuti pamene mayi ake ali pamphambano? Akukasiya ndi ndani? Kakudziwa chiyani? Ukonze zimenezo mu gawo lachiwiri.

Tadala265: Gawo lachiwiri, Aphunzitsi? Si inu munati ndisiye?

Aphunzitsi Opuma: Ndinati ulembe zakozako, ndipo sindinasinthe. Koma iyi waiyamba kale. Loweruka lisanafike unditumizire ndiione kaye.